ZILEMBO ZOPATULIKA ZA DZIKO LOPEKA LA TÉKUMEL: PHUNZIRO KWA MPHUNZITSI WA KULEMBA

ZOLINGA

Mukatha kuwerenga mutu uno muyenera kukhoza:

(a) kufotokoza malo amene zilembo ziri nao m'cipembedzo ca dziko lopeka la Tékumel;
(b) kusiyanitsa kamvekedwe ka pakamwa ndi cilembo ca papepala;
(c) kuchula miyambo itatu ya anthu eni-eni amene amayesa kulemba nchito yopatulika;
(d) kukonza phunziro lothandiza ana kuzindikira mmene zilembo za Cinyanja zigwirira nchito.

1. MAU OYAMBA

Inu amene muli kuwerenga buku lino munaphunzira kulemba zaka zambiri zapitazo, ndipo simukumbukiranso kuvuta kwake. Dzanja lanu liyamba lokha kumanzere kwa pepala ndi kulunjika kumanja. Diso lanu silisokoneza b ndi d. Mukamva liu lakuti "phala" simuima kuti mudzifunse cifukwa cimene kamvekedwe kamodzi koyamba kaja kalembedwa ndi zilembo ziwiri. Kuzolowera kumeneku kuthandiza wolemba, koma kumasokeretsa mphunzitsi wa kulemba. Mwana wa Giredi 1 akayang'ana pa bolodi saona mau ai; aona timizere, tina toimirira, tina togona, tina tokhota, topanda tanthauzo. Mphunzitsi amene anaiwala zimenezi sacedwa kupsa mtima, ndipo mwana amene akalipiridwa tsiku ndi tsiku cifukwa ca cilembo cotembenuka sacedwa kudana ndi pensulo. Mwana amene afika Giredi 5 osatha kulemba ciganizo cowerengeka, kawiri-kawiri anayamba kutsalira m'miyezi yoyambirira imeneyi. Paja akulu anati m'mera mpoyamba.

Kuti mumvetse vuto la mwana, muyenera kuimanso pamaso pa zilembo zimene simungathe kuwerenga. M'mutu uno tasankha zilembo zacilendo kwambiri: zilembo zimene palibe mtundu wa anthu unabadwa nazo, zimene munthu mmodzi anazipanga kaamba ka dziko la m'maganizo mwake. Popeza wozipangayo tim'dziwa, ndiponso tidziwa kumene anatenga nzeru zake, nkwapafupi kuona mmene mtundu wa zilembo umangidwira, ndi cifukwa cimene anthu ambiri padziko amazilemekezera.

2. MASEWERA OYEREKEZA MOYO WA M'NTHANO

Mu 1974, ku United States, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera ochedwa Dungeons & Dragons kudzera m'kampani ya TSR. Masewerawa ndi osiyana ndi mpira kapena nsolo, kumene mbali imodzi ipambana inzake. Anthu ocepa akhala mozungulira tebulo. Mmodzi wa iwo ndiye mtsogoleri: afotokoza dziko, mizinda yake ndi zoopsa za m'njira, monga acitira wokamba nthano madzulo. Otsalawo aliyense atenga munthu mmodzi wa m'nthanoyo, kaya wankhondo, kaya wansembe, kaya wamalonda, nanena zimene munthu wakeyo afuna kucita. Pamene pali cikaiko ngati cinthuco citheka, aponya madayisi, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo iweruza. Motero nthano ikula m'kamwa mwa onse, ndipo palibe adziwiratu mathero ake.

Mukakumbukira masanje, kumene ana agawana maudindo, uyu tate, uyu mai, uyu fisi, mwagwira kale mutu wa nkhaniyi. Kusiyana kwake nkwakuti masewera a patebulowa ali ndi mabuku a malamulo, mapu, ndi mbiri yolembedwa ya dziko lopekalo. Olemba ambiri a masewera otere amangobwereka zinthu za ku Ulaya wakale, nazisintha maina. Koma mmodzi anapita patali koposa anzake, cifukwa nchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kuphunzira zinenero.

3. BARKER NDI DZIKO LAKE

M. A. R. Barker anabadwira ku Spokane, m'cigawo ca Washington, mu 1929, namwalira ku Minneapolis mu 2012. Ali ku India mu 1951 analowa Cisilamu, natenga dzina lakuti Muhammad Abd-al-Rahman. Digiri yake ya udokotala anaitenga pa University of California ku Berkeley, atafufuza cinenero ca Klamath, ca anthu a mtundu wakale wa ku Oregon. Anaphunzitsa pa McGill University ku Montreal, ndipo mu 1972 anasamukira ku University of Minnesota. Analemba mabuku ophunzitsira Ciurdu ndi Cibaluchi, zinenero zimene zilembedwa ndi zilembo zocokera ku Ciarabu.

Kuyambira ali mnyamata, Barker anali kumanga m'maganizo mwake dziko lochedwa Tékumel. Nthano yake iti anthu ocokera pa dziko lathu lino anakakhala kumeneko m'tsogolo mwakutali, kenaka dzikolo linadulidwa kucoka ku nyenyezi zina zonse. Makina anafa, citsulo cinasowa, ndipo maufumu anadzuka ndi kugwa kwa zaka zikwi-zikwi. Pa nthawi ya masewera pali maufumu akulu asanu: Tsolyánu, Mu'ugalavyá, Salarvyá, Livyánu ndi Yán Kór. Mu 1975 kampani ya TSR inasindikiza masewera a dzikoli, ochedwa Empire of the Petal Throne, ndipo mu 1978 munatuluka buku la galamala ndi mau a cinenero ca ufumu woyambawo, The Tsolyáni Language. Kacizindikiro kamene muona pamwamba pa mavawelo m'maina awa kasonyeza phatikizo loyenera kuchulidwa mwamphamvu.

4. MILUNGU, AKACISI NDI MIPUKUTU

Anthu a ku Tsolyánu apembedza milungu ikulu-ikulu 10, yogawidwa m'magulu awiri. Isanu ndi ya Kukhazikika: Hnálla, Karakán, Thúmis, Avánthe ndi Belkhánu. Isanu ndi ya Kusintha: Hrü'ü, Vimúhla, Ksárul, Sárku ndi Dlamélish. Uliwonse uli ndi mulungu wocepa wouthandiza, kotero kuti magulu a akacisi onse pamodzi akwana 20. Pakati pa akacisiwa pali pangano loletsa kumenyana poyera cifukwa ca cipembedzo, ngakhale kuti mpikisano wa mseri sutha.

Cofunika kwa ife ndi ici: cipembedzo cimeneci ciimirira pa zolembedwa. Nthano iti wansembe wina wa nthawi yakale, dzina lake Pavár, ndiye anaulula milungu imeneyi ndi maina ake, ndipo ciphunzitso cake cinasungidwa m'mipukutu yochedwa ndi dzina lake. Ufumu wa nthawi imeneyo, Engsván hla Gánga, unagwa kale-kale, koma cinenero cake, Engsvanyáli, cinatsala m'manja mwa ophunzira, monga Cilatini cinatsalira ku Ulaya ufumu wa Roma utatha. Palinso zinenero zakale kuposa apo, monga Bednálljan ndi Llyáni, zimene ziwerengedwa ndi akatswiri ocepa okha.

Akacisi ndiwo sukulu za dzikolo, ndipo ansembe agawidwa monga mwa nchito zao: ena atsogolera miyambo ya mapemphero, ena ayang'anira cuma ndi minda ya kacisi, ena ndi ofufuza za m'mabuku. Milungu iwiri ndiyo ikhudzana kwambiri ndi maphunziro. Thúmis, amene ansembe ake avala zotuwa, ndi mwini nzeru zophunzitsidwa poyera kuti zipindulitse anthu. Ksárul, amene mtundu wake ndi wobiriwira moderapo ngati thambo la usiku, ndi mwini nzeru zobisika, zimene munthu azifuna kuti akhale ndi mphamvu pa anzake. Ansembe ake ali ndi cinenero cao-cao cacinsinsi. Sungani kusiyana kumeneku m'maganizo, pakuti tidzabwererako.

M'malamulo a masewera, buku lakale limene wosewera walipeza m'mabwinja liribe phindu kwa iye ngati munthu wake sanaphunzire cinenero cimene bukulo linalembedwamo. Ndipo m'buku la nthano la Barker la mu 1984, The Man of Gold, ngwazi yake si msilikali wa lupanga koma wansembe wacinyamata wa Thúmis, dzina lake Hársan, amene atumidwa pa ulendo woopsa cifukwa adziwa kuwerenga Llyáni. M'dziko limeneli wodziwa kuwerenga ndiye afunidwa ndi akulu a ufumu, ndiponso ndiye asakidwa.

5. KAPANGIDWE KA ZILEMBO ZA TSOLYÁNI

Zilembo za Tsolyáni, monga mwa nthano, zinaphuka kucokera ku za Engsvanyáli. Makhalidwe ao akulu ndi atatu.

Coyamba, zilembedwa kucokera kumanja kupita kumanzere.

Caciwiri, konsonanti iriyonse iri ndi maonekedwe anai: ikakhala payokha, ikakhala poyamba pa liu, ikakhala pakati, ndiponso ikakhala pothera. Zilembo za liu limodzi zilumikizana ngati mkanda.

Cacitatu, vawelo iri ndi cilembo cake cathunthu pokhapo pamene iyamba liu. Ikakhala pakati kapena pothera, isonyezedwa ndi kacizindikiro koikidwa pa konsonanti imene yatsogola.

Tayesani kuganizira liu lathu lakuti "atate" litalembedwa motere. Kumanja kweni-kweni kukhala cilembo cathunthu ca a. Kumanzere kwake kubwera t wa pakati, atasenza kacizindikiro ka a. Pomaliza pabwera t wa pothera, wooneka mosiyana ndi mnzake uja, atasenza kacizindikiro ka e. Zilembo zikulu-zikulu zikhala zitatu m'malo mwa zisanu. Ngati mwaona kuti mutu wanu wazungulira pang'ono poyesa kutsatira zimenezi, dziwani kuti ndi mmene amvera mwana wa zaka 7 pamene mum'uza kuti A ndi a ndi cilembo cimodzi.

Popeza zilembozi ndi zolumikizana ndi zopindika, zilola wolemba kuzitambasula, kuzipiringiza ndi kuzikongoletsa. Barker mwini analemba ndi dzanja lake zitsanzo za zolembedwa zokongoletsedwa motere, napanganso zilembo zosiyana za mitundu ina ya dziko lakelo.

6. KUMENE NZERU IMENEYI INACOKERA

Dziko la Tékumel ndi lopeka, koma ulemu wopatsidwa kwa zilembo Barker anaupeza pakati pa anthu eni-eni. Makhalidwe awiri oyamba amene tachula ndi a Ciarabu, cimene ciri ndi zilembo 28 zolembedwa kucokera kumanja, zambiri mwa izo za maonekedwe anai. Kwa Asilamu, kulemba mokongola ndi luso lolemekezeka koposa, cifukwa ndilo lisenza mau a Korani. Ibn Muqla, nduna ya ku Baghdad imene inamwalira mu 940, anakhazikitsa muyeso wa zilembo: kadontho kamene nsonga ya colembera ca bango isiya papepala ndiko kayesa kutalika kwa cilembo coyamba, alif, ndipo zilembo zina zonse ziyesedwa poyerekeza ndi alif ameneyo ndi mzere wozungulira womuzinga. Ciurdu cimene Barker anaphunzitsa cilembedwa m'kalembedwe kopendekeka kochedwa nastaliq, kamene kanabadwira ku Persia m'zaka za m'ma 1300. Kalembedweka kanali kovuta kusindikiza ndi makina, kotero kuti manyuzipepala a Ciurdu anali kulembedwa ndi manja a alembi kufikira makompyuta atayamba kukakhoza cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Pakati pa Ayuda, mlembi wa mpukutu wa Tora alemba zilembo 304,805 pa cikopa cimene wayamba wacilemba mizere yoongolera. Saloledwa kulemba za pamtima. Ayenera kuyang'ana pa mpukutu wina ndi kuchula mau asanawalembe. Cilembo cimodzi cikasowa, mpukutuwo suwerengedwa m'sunagoge kufikira utakonzedwa. Zolembedwa zakutha zimene ziri ndi dzina la Mulungu sizitayidwa kudzala. Zisungidwa m'cipinda capadera kapena kukwiriridwa. Cipinda cotere ca m'sunagoge wina ku Cairo cinasunga zidutswa za mapepala zikwi mazana angapo, ndipo zambiri mwa izo Solomon Schechter anazitengera ku Cambridge mu 1897.

Muno mu Africa, alembi a mpingo wa ku Ethiopia alemba Cige'ez pa zikopa za mbuzi, kucokera kumanzere kupita kumanja. Konsonanti iriyonse iri ndi maonekedwe 7 monga mwa vawelo imene itsatira, ndipo maina oyera alembedwa ndi inki yofiira pamene mau ena onse ali akuda. Ku China wakale kunali mabungwe a anthu otola mapepala olembedwa m'miseu, kuti asapondedwe, nakawatentha mwaulemu m'ng'anjo zomangidwira nchito imeneyo.

Kupanga zilembo zatsopano si nchito ya olemba nthano okha. Nolence Mwangwego wa ku Malawi anayamba mu 1979 kupanga zilembo zolembera zinenero za dziko lake, nazionetsa poyera mu 1997. M'zilembo zakezo, monga m'Cige'ez, cizindikiro cimodzi ciimira phatikizo lathunthu.

7. ZIMENE MPHUNZITSI ATENGAPO

(a) Cilembo ndi pangano la anthu. Palibe cifukwa ca cibadwa cimene kamvekedwe koyamba m'liu lakuti "mutu" kalembedwera ndi miyendo itatu. Citsanzo ciri pafupi: ife kuno ku Zambia tilemba "cinthu" ndi "nchito", motsata kalembedwe kovomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro mu 1977, pamene anzathu ku Malawi alemba "chinthu" ndi "ntchito". Pakamwa mau ndi amodzi-modzi. Cotero yambani ndi khutu: mwana amve kamvekedwe, akachule, ndipo pambuyo pake aone cilembo. Mukapeza mwana wocokera ku Malawi alemba ch m'malo mwa c, musamuyese wosadziwa. Mufotokozereni kuti pangano la kuno ndi lina.

(b) Mbali yoyambira iphunzitsidwa. Mwana sabadwa akudziwa kuti tiyamba kumanzere. Ikani kacizindikiro kumanzere kwa bolodi ndi kwa tsamba, ndipo yendetsani cala pansi pa mau powerenga. Mwana amene masana aphunzira Ciarabu ku madrasa asenza mapangano awiri nthawi imodzi. Akasokoneza mbali m'masabata oyamba, mukumbutseni mofatsa. Kutembenuza b ndi d, kapena p ndi q, nkofala mwa ana oyamba kumene, pakuti m'moyo wao wonse kapu inali kapu kaya cogwirira ciloze kumanja kaya kumanzere. Zilembo ndizo zinthu zoyamba zimene zisintha dzina zikatembenuka.

(c) Cilembo cimodzi, maonekedwe ambiri. Ifenso tiri nao: cilembo cacikulu ndi cacing'ono, codinda ndi columikiza. Cilembo ca a ca m'buku losindikizidwa sicifanana ndi ca pa bolodi. Musaganize kuti mwana aona yekha ubale wa maonekedwewa. Aonetseni pamodzi, ndipo musayambe kalembedwe kolumikiza ana asanakhazikike pa kodinda.

(d) Kukongola kucokera ku muyeso. Cimene Ibn Muqla anacita ndi kadontho, inu mucita ndi mizere. Gawani zilembo m'mabanja atatu: zazifupi monga a, e, m, n, zokwera monga b, d, k, l, ndi zotsika monga g, p, y. Lembani mizere pa bolodi musanalembe mau. Marion Richardson, mphunzitsi wa ku England amene buku lake la kalembedwe linatuluka mu 1935, anaphunzitsa kuti dzanja liyambe lazolowera mizere yobwereza-bwereza, yozungulira ndi ya mano a sowo, lisanayambe zilembo. Mizere yotere ana angailembe pamcenga ndi cala, ngakhale sukulu iribe makope okwanira.

(e) Wokopa afuna citsanzo cabwino. Mlembi wa mpukutu sadalira mtima wake. Ayang'ana, achula, ndipo alemba. Njira itatu yomweyi ndiyo muphunzitse ana. Koma kumbukirani kuti citsanzo cimene ana anu akopa ndi bolodi lanu. M'kalasi mmene buku limodzi ligawidwa kwa ana angapo, dzanja la mphunzitsi ndilo buku lalikulu. Mukalemba mothamanga ndi mokhotakhota, zolakwa zanu zidzaoneka m'makope onse mawa lake.

(f) Colembedwa cilemekezedwe. Sitinena kuti kope la mwana ndi lopatulika monga buku la cipembedzo. Koma mwana amene aona masamba a kope lake lakale akukulungira zitumbuwa kapena nsawa pamsika aphunzirapo kanthu za mtengo wa nchito yake. Pacikani zolemba za ana pa khoma, sinthani mwezi ndi mwezi, ndipo pocotsa muzibwezere kwa eni ake. Pocongera, musadzaze tsamba ndi inki yofiira. Sankhani colakwa cimodzi kapena ziwiri zoti mwana akonze.

(g) Musakhale wansembe wa zinsinsi. Apa ndipo tibwerera kwa Thúmis ndi Ksárul. Kumene zilembo zilemekezedwa kwambiri, pali ngozi yakuti zisanduke cuma ca anthu ocepa, ndipo kukongola kwake kukhale mpanda wotsekereza ena kunja. Mphunzitsi amene ayamikira ana atatu a dzanja lokongola, nasiya makumi anai kumbuyo, wamanga mpanda wotere m'kalasi mwake. Colinga ca kulemba ku pulaimale ndi cakuti zolembedwa ziwerengeke, zilembedwe pa liwiro loyenera, ndipo dzanja lisatope. Kukongoletsa kubwera pambuyo. Mwana wamanzere musam'kakamize kusintha dzanja. Mukhazikeni kumapeto a kumanzere kwa desiki kuti zigongono zisagundane, ndipo pendeketsani pepala lake kumanja.

8. PHUNZIRO LA CITSANZO

Kalasi: Giredi 5. Nthawi: mphindi 40. Mutu: Zilembo za mudzi wathu wopeka.

Colinga: Ana azindikire kuti cilembo ciimira kamvekedwe, ndipo athe kugawa mau m'maphatikizo.

Zipangizo: bolodi, coko, mapepala, mapensulo.

Ciyambi (mphindi 5): Uzani ana kuti pali mudzi wina wa m'nthano kumene anthu alankhula Cinyanja koma sanaonepo zilembo. Mfumu yapempha kalasi lino kuti liwapangire zao.

Gawo loyamba (mphindi 10): M'magulu a ana 5 kapena 6, gulu lirilonse lipange zizindikiro za makonsonanti asanu, k, l, m, n, t, ndi tizizindikiro tisanu ta mavawelo toika pamwamba pa konsonanti. Zizindikiro zikhale zosavuta, za mizere yosapitirira itatu.

Gawo laciwiri (mphindi 10): Gulu lilembe mau awa m'zilembo zake: moto, mutu, malo, kalulu, kalata. Kenaka lipereke pepala lake, pamodzi ndi mndandanda wa zizindikiro, ku gulu lina kuti liwerenge. Kumene owerenga alephera, olemba afufuze cifukwa: kodi zizindikiro ziwiri zafanana, kapena dzanja linathamanga?

Gawo lacitatu (mphindi 10): Perekani mau ovuta. "Mkaka": kodi m woyambayo, amene alibe vawelo, alembedwa bwanji? "Kula" ndi "khula": kodi kh afuna cizindikiro catsopano? Lolani ana akangane. Pamenepo aonetseni kuti makolo a kalembedwe kathu anakumana ndi mafunso omwewa, nasankha h kusiyanitsa "pala" ndi "phala", ndi kacizindikiro ka pamwamba kusiyanitsa "ngoma" ndi "ng'oma". Afunseninso cifukwa cimene "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika alembedwa mofanana ngakhale achulidwa mosiyana. Adzapeza okha kuti kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mau.

Mathero (mphindi 5): Ana alembe mau onse aja m'zilembo zathu za masiku onse, mosamala, pakati pa mizere.

9. MACENJEZO

Phunziro ili si la Giredi 1 kapena 2. Mwana amene sanakhazikike pa zilembo zeni-zeni mudzam'sokoneza.

Dziwitsani mphunzitsi wamkulu musanaliphunzitse. M'zaka za m'ma 1980, ku United States, magulu ena a makolo ndi a mipingo anaganizira masewera a mtundu uwu kuti aphunzitsa za mizimu yoipa. Kholo limene lapeza zizindikiro zacilendo m'kope la mwana wake lingade nkhawa mofananamo. Lembetsani mutu wa phunziro pamwamba pa tsamba m'Cinyanja comveka. Maina a milungu ya Tékumel tawachula kuti inu mumvetse nkhani. Alibe malo m'kalasi la ana.

Musagwiritse nchito mau a m'buku lopatulika la cipembedzo ciriconse monga coseweretsa, ndipo musagawe mapepala okhala ndi mau otere amene pambuyo pake adzasesedwa ndi zinyalala. M'kalasi mwanu mudzakhala ana a zikhulupiriro zosiyana, ndipo aliyense ayenera kuona kuti cimene kwao acilemekeza, inunso simucipeputsa.

Pomaliza, muyenera kudziwa za Barker mwini. Mu 2022 bungwe losunga zolemba zake, Tékumel Foundation, linavomereza kuti iye ndiye analemba, pa dzina lobisika, buku la nthano la mu 1991 lokometsera maganizo a cipani ca Nazi, ndipo bungwelo linadzudzula maganizo amenewo. Tiphunzira kapangidwe ka zilembo zake cifukwa kationetsa bwino mmene kulemba kugwirira nchito. Munthuyo sitimuika pamaso pa ana monga citsanzo. Kudziwa zinenero zambiri sikunam'letse kunyoza anthu anzake, ndipo inu amene mudzaphunzitsa cinenero muyenera kukumbukira kuti ulemu kwa munthu uphunzitsidwa pawokha.

10. MAFUNSO NDI ZOCITA

1. Fotokozani makhalidwe atatu a zilembo za Tsolyáni, ndipo pa lirilonse nenani ngati Cinyanja ciri ndi cofanana nalo.

2. Kodi kusiyana kwa Thúmis ndi Ksárul kukuphunzitsani ciani za nchito ya mphunzitsi m'kalasi la ana ambiri?

3. Lembani dzina lanu ndi dzanja limene simulembera, kucokera kumanja kupita kumanzere. Pambuyo pake lembani ndime imodzi yofotokoza zimene munamva m'dzanja, m'maso ndi mumtima, ndi mmene zimenezo zidzasinthira kaphunzitsidwe kanu.

4. Pezani magulu asanu a mau awiri-awiri a Cinyanja amene asiyana ndi h yekha, monga "pala" ndi "phala".

5. Pa nthawi ya kuyesera kuphunzitsa, tengani makope 10 a ana a Giredi 2. Lembani zilembo zimene zitembenuzidwa kawiri-kawiri, ndipo konzani zocita za mphindi 10 zothandiza pa cilembo cimodzi mwa izo.

6. Lembani ciganizo ca mau 8 pa bolodi, mupite kumbuyo kwa kalasi, ndi kuciwerenga muli pa desiki lomaliza. Pemphani mnzanu acite cimodzi-modzi, ndipo muuzane zoyenera kukonza.